Makina ofinya miyendo pothandiza mtima: zimene odwala shuga ayenera kudziwa

Mwina inu kapena mbale wanu munamvapo za makina amene akuti amachiza mtima popanda opaleshoni. Ena amawaona pa kanema wa pafoni, ena amauzidwa ndi mwana wawo amene ali kutauni kapena kunja. Munthu amagona chagada pabedi, miyendo yake itakulungidwa ndi malamba akuluakulu, ndipo thupi lonse limadumphadumpha ngati bwato pa mafunde a mwera. Otsatsa amati makinawa amatsegula mitsempha ya mtima, amatsitsa shuga, ndipo wodwala sasowanso mankhwala.

Makinawa alipodi, ndipo madokotala a mtima amawadziwa. Dzina lake ndi lalitali, choncho amangolifupikitsa kuti EECP. M'Chipwitikizi mudzamva akuti contrapulsação externa. Koma mwa zimene amanena otsatsa zija, zina ndi zoona, zina ndi zokokomeza, ndipo zina ndi bodza loopsa. Popeza chithandizochi sichipezeka m'zipatala zathu za m'boma la Lago, munthu wochifuna ayenera kuyenda ulendo wautali ndi kulipira ndalama zambiri. Ndi bwino tsono kuti mumvetse nkhaniyi musanagulitse ukonde, injini ya bwato kapena mbuzi zanu.

Yambani ndi dzanja lanu

Kuti mumvetse ntchito ya makinawa, fumbatani dzanja lanu mwamphamvu kwa kanthawi, kenaka litambasuleni msanga. Muona kuti chikhato chayera, ndipo pang'onopang'ono chikuyambanso kufiira. Pamene munafumbata, magazi anathawa. Pamene mwatambasula, magazi abwerera.

Mtima nawo ndi mnofu wonga nkhonya, ndipo umafumbata ndi kutambasuka usana ndi usiku, pafupifupi maulendo 100,000 pa tsiku. Ukafumbata umakankhira magazi ku thupi lonse. Koma mtima nawonso umafuna kudya. Uli ndi mitsempha yakeyake ing'onoing'ono imene imayanga pamwamba pake ndi kulowa mkati mwa mnofu, monga mizu ya mtengo. Mitsemphayi imalandira magazi ambiri pa nthawi imene mtima watambasuka, osati pamene wafumbata. Tinganene kuti mtima umagawira anzake chakudya poyamba, ndipo iwo umadya pa kamphindi kopuma kaja, kamene sikakwana ndi sekondi imodzi yomwe.

Mafuta akaunjikana m'kati mwa mitsempha ya mtima, njira imachepa. Munthu akakhala pansi, magazi ochepa amene akudutsawo amakwanira. Koma akayamba kukwera chitunda, kukoka khoka kapena kusenza mtolo wa nkhuni, mtima umafuna magazi ambiri ndipo sukuwapeza. Apa ndi pamene pachifuwa pamayamba kulemera ngati paikidwa mwala. Ululu umatha kufika ku dzanja lamanzere, kukhosi, ku chibwano kapena kumsana. Akapuma kwa mphindi zingapo, ululu umatha. Azachipatala amautcha ululu wotere kuti angina, ndipo mawuwa ndi amodzimodzi m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi. Makina a EECP ntchito yawo yeniyeni ndi kuchepetsa ululu umenewu.

Chifukwa chiyani nkhaniyi ikukhudza odwala shuga?

Shuga akakhala wambiri m'magazi kwa zaka, amawononga khungu la m'kati mwa mitsempha. Mafuta amamatirira mosavuta pa malo owonongekawo. Ndi chifukwa chake munthu wodwala shuga ali pa chiopsezo chodwala mtima kapena kufa ziwalo mwina kawiri kuposa mnzake wopanda shuga. Ambiri mwa odwala shuga satengedwa ndi shugayo mwachindunji. Amatengedwa ndi mtima, sitiroko kapena impso.

Pali zinthu ziwiri zimene shuga amachita pa mtima zimene muyenera kuzidziwa. Choyamba, mitsempha siitsekeka pa malo amodzi okha. Imachepa m'malo ambiri, mpaka ku tinthambi tating'ono kwambiri. Dokotala akapeza malo amodzi otsekeka, amatha kulowetsa kachubu kachitsulo kotchedwa stent kuti katsegule njira, kapena kuchita opaleshoni yolumikiza mtsempha wina kuti magazi alambalale potsekekapo. Koma ngati msewu wonse ndi maenje okhaokha, ukonza pati? Odwala shuga ena amauzidwa kuti opaleshoni singathandize, ndipo ngakhale akumwa mankhwala onse, ululu sukutha. Anthu oterewa ndi amene madokotala amawaganizira za EECP.

Chachiwiri ndi choopsa kwambiri. Shuga amaphanso minyewa imene imatidziwitsa za ululu. Monga momwe phazi la wodwala shuga limachitira dzanzi, mtima wake nawonso utha kuvutika iye osamva kuwawa. M'malo mwa ululu, amangoona kuti akutopa msanga, akubanika poyenda pang'ono, akutuluka thukuta lozizira, kapena ali ndi nseru ndi kutentha pamtima kumene amakuyesa chilungulira. Bambo amene chaka chatha amapalasa bwato kuchokera ku Chuanga mpaka ku Metangula osapuma, koma lero akuima kawiri pochoka kugombe kupita kunyumba, asanene kuti ndi ukalamba chabe.

Musaganize kuti awa ndi matenda a anthu olemera a ku Maputo okha. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2005 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64 m'Mozambique, pafupifupi 3 mwa 100 aliwonse anali ndi shuga. Kafukufuku wina wa mtundu womwewo wa mu 2014 ndi 2015 anapeza oposa 7 mwa 100 aliwonse. Kuthamanga kwa magazi nako kunakwera kuchoka pa anthu 33 kufika pa 39 mwa 100 aliwonse. Ambiri mwa anthuwa sankadziwa n'komwe kuti akudwala.

Mmene makinawa amagwirira ntchito

Nonse mukulidziwa lamba lija limene namwino amakukulungani pamkono poyeza kuthamanga kwa magazi. Malamba a EECP ndi ofanana nalo, koma ndi aakulu, ndipo amaikidwa pa malo atatu: pa akatumba a miyendo, pa ntchafu, ndi kumtunda kwa ntchafu pamodzi ndi matako. Pachifuwa amamatapo timawaya towerenga kugunda kwa mtima, ndipo pachala amaikapo kachipangizo koonetsa mmene magazi akuyendera.

Kompyuta imamvetsera mtima. Ikangoona kuti mtima watambasuka, imapopera mpweya m'malamba motsatizana, kuyambira kumunsi kupita kumtunda: akatumba, ntchafu, matako. Zili ngati mmene mumakamira ng'ombe kapena mmene mumafinyira matumbo a mbuzi powatsuka, kuyambira mbali imodzi kukankhira mbali ina. Magazi a m'miyendo amakankhidwira kumtunda, ndipo amafika pa khomo la mitsempha ya mtima pa nthawi yeniyeni imene mtima ukudya. Kenaka, mtima usanafumbatenso, malamba onse amaphwa nthawi imodzi. Mitsempha ya m'miyendo imatsala yopanda kanthu, ndipo mtima supeza vuto kukankhiramo magazi. Choncho mtima umalandira zambiri koma ukugwira ntchito yopepukirako. Zimenezi zimachitika pa kugunda kulikonse, mwina maulendo 60 kapena 80 pa mphindi imodzi.

Kufinyako si kwamasewera. Mphamvu yake imafika pa 260 mpaka 300 pa muyeso womwe uja wa kuthamanga kwa magazi, pamene magazi a munthu wabwinobwino amakhala cha pa 120. Salasa jakisoni, sacheka paliponse, sagoneka munthu tulo, ndipo wodwala amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Koma tsiku limodzi silikwanira. Chithandizo chonse ndi maola 35: ola limodzi pa tsiku, masiku asanu pa sabata, kwa masabata asanu ndi awiri.

Nanga n'chifukwa chiyani ululu umachepa ngakhale masabatawo atatha? Akatswiri amaganiza kuti magazi othamanga mwamphamvu amakhula m'kati mwa mitsempha, ndipo mitsemphayo imayamba kutulutsa mankhwala ake achilengedwe oithandiza kumasuka. Amaganizanso kuti tinjira tating'ono tolambalala malo otsekeka timakula, monga mmene kanjira ka kumunda kamakulira anthu akamadutsamo tsiku ndi tsiku. Koma mafuta amene anatseka mtsempha aja sachoka. Wina akakuuzani kuti makinawa amatsuka mitsempha, dziwani kuti akunama kapena sakudziwa.

Nzeruyi si yatsopano. Mu 1953 abale awiri a ku America, Adrian ndi Arthur Kantrowitz, anaonetsa kuti kukweza mphamvu ya magazi pa nthawi imene mtima watambasuka kumawonjezera magazi olowa m'mitsempha ya mtima. M'zaka za m'ma 1960 madokotala ena a ku America anayesa kufinya miyendo ndi matumba a madzi, koma makinawo anali olemera ndi ovuta. Amene anawakonza kukhala a mpweya, ofinya motsatizana mpaka kumatako, ndi dokotala wa ku China, Zheng Zhensheng, ndi anzake mumzinda wa Guangzhou, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Boma la America linavomereza makinawa mu 1995. Lero amapezeka kwambiri ku China, ku India ndi ku America.

Kodi umboni ukuti chiyani?

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa ndi pamene otsatsa amathamanga.

Kafukufuku wodziwika kwambiri anatuluka mu 1999, ndipo amatchedwa MUST-EECP. Anachitika m'zipatala zisanu ndi ziwiri za ku America pa odwala 139. Anawagawa pawiri. Ena anafinyidwa mwamphamvu monga zimayenera kukhalira, ena anangofinyidwa pang'ono, mwachiphamaso, kuti asadziwe gulu limene ali. Pamapeto, amene anafinyidwa mwamphamvu ankamva ululu kawirikawiri mochepa, ndipo poyenda pa makina oyesera, mtima wawo unkachedwa kuonetsa zizindikiro zosowa magazi. Koma kutalika kwa nthawi imene ankatha kuyenda kunawonjezeka m'magulu onse awiri, ndipo kusiyana kwake sikunali kwakukulu. Amene anafinyidwa mwamphamvu ndi amenenso anadandaula kwambiri za kuwawa kwa miyendo ndi msana, ndi kusupuka kwa khungu. Mu 2010 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusanthula kafukufuku wa zamankhwala, linaunika nkhaniyi ndipo linati umboni wake ndi wosakwanira kunena motsimikiza.

Pa za odwala shuga, mu 2003 kunatuluka lipoti lochokera m'kaundula wa odwala amene ankasungidwa ku yunivesite ya Pittsburgh. Mwa odwala 1,532 amene analandira chithandizochi, 43 mwa 100 aliwonse anali ndi shuga. Mwa odwala shugawo, 69 mwa 100 aliwonse ananena kuti ululu wawo unachepa, ndipo ambiri mwa iwo anali akupezabe bwino patatha chaka. Nkhani yabwino ndithu. Komabe m'kaundulamu munalibe gulu lofananitsa nalo, ndipo kampani yopanga makinawo ndi imene inathandiza ndi ndalama. Munthu amene akupita kuchipatala tsiku lililonse kwa masabata asanu ndi awiri, akuonedwa ndi namwino, akukumbutsidwa kumwa mankhwala, amapezako bwino ngakhale popanda makina. Ndi gawo lanji limene ndi la makina, ndi lanji limene ndi la chisamaliro? Kaundula sangayankhe funso limenelo.

Nanga zoti amatsitsa shuga? Mu 2016 akatswiri a ku yunivesite ya Florida anaonetsa kuti shuga anatsikako mwa odwala amene anafinyidwa, ndipo anakhala wotsikirako mpaka miyezi itatu. Koma anthu ake anali 30 okha, ndipo onse anapitiriza kumwa mankhwala awo a shuga. Palibe amene anachira shuga.

Chifukwa cha zonsezi, mabungwe akuluakulu a madokotala a mtima, la ku Ulaya mu 2019 ndi a ku America mu 2023, anaika EECP pa mlingo wotsika. Mawu awo tingawamasulire kuti “ingathe kuganiziridwa”, ndipo ndi kwa munthu yekhayo amene ululu wake sukumva mankhwala, komanso sangathandizidwe ndi stent kapena opaleshoni. Sananene kuti imatalikitsa moyo, kapena kuti imateteza munthu kuti mtima usaime, popeza kafukufuku sanaonetse zimenezo. Kuchepetsa ululu si chinthu chaching'ono. Mayi amene samatha kusesa pabwalo akayambanso kupita kudambwe, moyo wake wasintha. Koma kuchepetsa ululu ndi kwina, kuchiza ndi kwina.

Amene sayenera kugona pa makinawa

Gawo ili likutikhudza kwambiri ife a kuno, mwinanso kuposa a ku America.

Si matenda onse a mtima amene amabwera ndi kutsekeka kwa mitsempha. M'dziko lathu muli anthu ambiri amene mtima wawo unawonongeka ali ana, chifukwa cha zilonda za pakhosi zimene sizinachizidwe bwino. Matendawa amawononga zitseko za m'kati mwa mtima, zimene ntchito yake ndi kuletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Mu 2007 kafukufuku wa ana a sukulu ku Maputo anapeza kuti poyeza ndi makina ounikira mtima, ana pafupifupi 30 mwa 1,000 aliwonse anali ndi vutoli, pamene pomvetsera ndi chipangizo cha m'makutu chokha anapezeka awiri basi. Taganizani tsono munthu amene chitseko chotulukira magazi mu mtima wake chikudontha. Makina akakankhira magazi kumtunda mwamphamvu, magaziwo amabwerera mu mtima kudzera pobowokapo, ndipo mtima umalemedwa koposa. Zili ngati kukapira madzi m'bwato m'malo mowataya kunja. Choncho palibe amene ayenera kuyamba EECP asanaunikidwe mtima ndi makina amene azachipatala amawatcha ecocardiograma.

Ena amene sayenera ndi awa: amene mtima wawo wafooka ndipo madzi adzaza m'mapapo kapena miyendo yatupa kwambiri, amene mtima wawo umagunda mosalongosoka kotero kuti kompyuta singautsatire, amene mtsempha waukulu wa m'mimba kapena m'chifuwa unafufuma, amene magazi awo akuthamanga kupitirira 180 pa 110, amene magazi anaundana m'mtsempha wa mwendo, chifukwa chibulumacho chingathe kusuntha n'kukatseka mapapo, amene magazi awo sachedwa kutuluka ndi kuvuta kuuma, ndi amayi oyembekezera.

Kwa wodwala shuga pali nkhani ya miyendo yeniyeniyo. Shuga amene wachepetsa mitsempha ya mtima nthawi zambiri wachepetsanso ya m'miyendo. Ngati akatumba anu amawawa mukayenda n'kusiya mukapuma, ngati phazi limazizira kapena lasintha mtundu, ngati muli ndi chilonda chosapola, dokotala ayenera kuyamba wayeza miyendoyo, ndipo mwina adzakukanizani. Malamba aja amatha kusupula khungu ndi kuyambitsa matuza. Kwa munthu wina thuza ndi nkhani ya masiku atatu. Kwa wodwala shuga amene phazi lake ndi ladzanzi, thuza limatha kusanduka chilonda chodulitsa mwendo.

Pano tichenjezepo kawiri. Musayese kumanga miyendo yanu ndi mphira wa njinga, chingwe kapena nsalu poganiza kuti mukutsanzira makinawa. Chinsinsi cha EECP ndi kufinya ndi kumasula pa nthawi yeniyeni ya kugunda kwa mtima. Kungomanga mwendo kumatseka magazi ndipo kungauphe. Chenjezo lachiwiri ndi lakuti mipando yosisita thupi, mabedi otentha ndi nsapato zopopa mpweya zimene amalonda ena amayenda nazo si EECP. Ngati pachifuwa panu sipanamatidwe mawaya owerenga mtima, ngati palibe dokotala amene anakuunikani mtima poyamba, makinawo sakumvetsera mtima wanu, angotenga ndalama zanu.

Werengerani ulendo wonse

Tiyerekeze kuti dokotala wa mtima wakuyezani ndipo wavomereza. Mtengo wa chithandizo ndi gawo limodzi chabe. Muwonjezerepo ulendo, chiphaso ngati ndi kunja, malo ogona ndi chakudya cha anthu awiri kwa masabata asanu ndi awiri, ndi miyezi iwiri imene bwato lili pamtunda kapena munda uli wosalima. Muwonjezereponso chakuti kwa ena ululu umabwereranso pakapita nthawi ndipo amafunika kubwereza. Banja limene lagulitsa ukonde kuti lilipire zonsezi lidzagula ndi chiyani mankhwala a mwezi ndi mwezi pamene ku farmácia ya chipatala atha? Maganizo athu ndi akuti kwa anthu ambiri a kunyanja kuno, ndalama zomwezo zingagule moyo wautali zitalowa ku zinthu zina zimene umboni wake ndi wolimba kuposa wa EECP.

Ndiponso kumbukirani kuti EECP ndi khomo lomaliza. Ambiri amene akulifuna sanagogodepo pa khomo loyamba.

Makomo oyamba

Khomo loyamba ndi kudziwa manambala anu. Ku centro de saúde ya ku Metangula, ku Cóbuè kapena kulikonse kumene kuli pafupi nanu, pemphani kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Magazi akamafika pa 140 pa 90 kapena kupitirira pa masiku osiyanasiyana, pafunika chithandizo, ndipo kwa wodwala shuga madokotala ambiri amafuna kuti atsike kufika cha pa 130 pa 80. Shuga woyezedwa m'mawa musanadye akafika pa 7 kapena kupitirira, kapena 126 pa makina owerenga mwa mtundu wina, ndi chizindikiro cha nthenda ya shuga. Ngati pachifuwa pamalemera mukamagwira ntchito, nenani momveka, ndipo funsani ngati mungatumizidwe ku Hospital Provincial de Lichinga kuti akajambule kugunda kwa mtima. Ndi mtunda woposa makilomita 100 kuchokera ku Metangula, koma ndi pafupi kuposa Guangzhou. Zovuta kwambiri amazitumiza ku Nampula kapena ku Maputo, kumene Hospital Central ndi Instituto do Coração amachita maopaleshoni a mtima. A ku Cóbuè amene amaoloka kupita ku chipatala cha St Peter's pa Likoma azinyamula makhadi onse awiri, kuti asalandire mankhwala amodzimodzi kawiri pa maina osiyana.

Khomo lachiwiri ndi mankhwala, ndipo ndi otchipa poyerekeza ndi makina. Metformina amatsitsa shuga. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi monga enalapril ndi amlodipina amateteza mtima, ubongo ndi impso. Mankhwala otsitsa mafuta m'magazi monga sinvastatina kapena atorvastatina anayesedwa pa anthu zikwizikwi, odwala shuga ali momwemo, ndipo anaonetsa kuti amachepetsa imfa ndi kuima kwa mtima, chinthu chimene EECP sinaonetse. Kwa amene ali kale ndi nthenda ya mitsempha ya mtima, dokotala amawonjezera aspirini wochepa mphamvu, ndi mankhwala ochepetsa liwiro la mtima monga atenolol, kapena kapiritsi koika kunsi kwa lilime ululu ukayamba. Musayambe aspirini panokha, chifukwa amatha kutulutsa magazi m'mimba. Vuto lalikulu limene timaliona ndi lakuti munthu akapeza bwino amasiya kumwa. Mankhwalawa sali ngati a malungo amene amatha pa masiku atatu.

Fodya, kaya wa m'sitolo kaya wopichira kunyumba, ndi mdani wamkulu wa mitsempha. Tikudziwa kuti usiku wa panyanja ndi wautali ndipo ndudu imachotsa tulo ndi kuzizira. Koma kwa wodwala shuga amene pachifuwa payamba kulemera, kusiya fodya kumaposa maola 35 a makina alionse. Mchere nawo uchepe: bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la OMS limati usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi umene uli kale mu nsomba zothira mchere ndi mu timabulo ta caldo. Nsomba zokha ndi dalitso lathu. Usipa, utaka ndi chambo ndi zabwino ku mtima zikakhala zophika kapena zootcha, osati zosambira m'mafuta. Povuta ndi pa nsima. Kaya ya chinangwa kaya ya chimanga, ikalowa m'thupi imasanduka shuga, choncho chepetsani mitanda, chulukitsani chigwada, nkhwani, therere ndi nyemba. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga zisiyeni.

Pali chinthu china chimene mwina mwachiona kale powerenga. Makina a EECP amafinya akatumba ndi ntchafu kuti magazi akwere kupita ku mtima. Minofu ya miyendo yanu imachitanso zofanana ndi zimenezo pa phazi lililonse limene mukuponda, ngakhale kuti siitsatira kugunda kwa mtima ngati kompyuta. Akatswiri ena amati phindu la EECP limafanana ndi la masewero olimbitsa thupi, ndipo amati ndi yothandiza kwa amene sangathe kuyenda chifukwa cha ululu. Ngati inu mungathe kuyenda, yendani: mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu pa sabata, mwandawala koma moti mungathe kulankhula ndi mnzanu. Ngati muli kale ndi angina, yambani mwafunsa achipatala, yendani pa malo athyathyathya m'mbali mwa nyanja m'mawa kapena madzulo, ndipo ululu ukayamba imani. Amene mumamwa glibenclamida kapena kubaya insulini, nyamulani siwiti kapena kashuga pang'ono, kuti mukayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta mudye msanga.

Poyenda valani nsapato. Mchenga wa mu Okutobala ndi Novembala umawotcha phazi ladzanzi mwini wake osamva, ndipo pagombe sipasowa mbedza, minga ya nsomba ndi magalasi osweka. Madzulo alionse yang'anani kunsi kwa mapazi ndi pakati pa zala, kapena pemphani mdzukulu kuti akuonereni.

Ululu umene suyembekezera

Ululu wa angina umabwera pogwira ntchito ndipo umatha popuma. Ngati wabwera muli chikhalire, ngati wapitirira mphindi 15 osatha, ngati ukubwera ndi thukuta lozizira, kusanza, kubanika kapena kukomoka, ndiye kuti mwina mtsempha watsekekeratu ndipo mnofu wa mtima wayamba kufa. Apa EECP ilibe ntchito, ndipo si nthawi yodikira kuti kuche kapena kuti nyanja ichite bata ngati pali njira ina. Wodwala asayende yekha. Mukhazikeni motsamira, mumunyamule, ndipo uzani APE wa m'mudzi mwanu kapena aimbireni achipatala kuti adziwe kuti mukubwera. Kwa wodwala shuga, kubanika kwadzidzidzi ndi kufooka kopanda chifukwa muzikutenga chimodzimodzi, ngakhale iye akunena kuti pachifuwa sipakuwawa.

Kwa amene dokotala wa mtima wakuuzani kuti mankhwala afika pothera ndipo opaleshoni singatheke, EECP ndi nkhani yoyenera kukambirana naye. Mufunseni ngati zitseko za mtima wanu zili bwino, ngati miyendo yanu ingapirire kufinyidwa, ndi amene adzakhale akuyang'ana khungu lanu tsiku lililonse pa masabata asanu ndi awiriwo. Funsaninso mtengo wa maola onse 35, osati wa ola limodzi, ndipo mankhwala anu a shuga ndi a mtima mupite nawo, chifukwa mudzapitiriza kumwa muli komweko.